Buku lathu lija ndaligwira m'manja

Abale, kope loyamba la buku lathu la nthano zopeka za sayansi langofika kumene kuchokera kosindikiza, ndatsegula envulopu manja akunjenjemera. Fungo la inki, chikuto chija tinakanganirana miyezi yonseyi, manambala 13 a ISBN ali kuseriko... ndinangokhala pansi kaye kukamwa kuli gwa. Palibe kampani yomwe inatigwira dzanja, tinkangosonkherana tokha, wina kukonza zilembo, wina kujambula usiku akaweruka kuntchito.

Koma chandikhudza kwambiri ndi tsamba 47, nkhani ya mayi ali ku Mars uja. Poyamba wolemba wake anamulemba akucheza ndi mwana wake wa padziko pano ngati pafoni, ndiye tinamuuza kuti ayi, uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 kuti ufike kutengera pomwe mapulaneti awiriwa ali. Anailembanso yonse osanyinyirika, pano mayiyo amafunsa kuti "wagona bwanji mwanangu?" kenako n'kumadikira yankho yekhayekha kuli zii. Misozi yalengeza ndithu, chonsecho ndinaiwerenga kambirimbiri pakompyuta.

Zilembo za pamsana pa buku zapendekeka pang'ono, mawa ndikonze fayilo tisanaode makope ambiri.