A Kaunda ndi mtengo wa ufa

Sabata ino pa phunziro la mbiri tafika pa Kenneth Kaunda, ndipo funso limene aphunzitsi atipatsa ndi lakuti: n'chiyani chinagwetsa munthu amene analamulira Zambia zaka 27? Anzanga ambiri akulemba za ulamuliro wa chipani chimodzi cha UNIP, umene unakhazikitsidwa mu 1973. Ine ndakakamira pa ufa.

Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, chuma chonse chinali pa mkuwa wa ku Copperbelt. Ndalama zake zinamanga sukulu, zipatala ndi University of Zambia, komanso boma linkaikapo ndalama kuti ufa uzitsika mtengo m'matauni. Munthu wa mu mgodi ankadya nsima osadandaula. Mkuwa utagwa mtengo chapakati pa zaka za m'ma 1970, thumba la boma linauma, ngongole n'kumakula, ndipo a IMF, bungwe lobwereketsa maiko ndalama, anati sabuside ya ufa ija ichoke.

Apa ndi pamene ndachedwapo kuwerenga. Mu December 1986 ufa utakwera, anthu a ku Kitwe ndi Ndola anathyola masitolo, ena anaphedwa, a Kaunda n'kubweza mtengo wakale. Mu June 1990 ufa unakweranso, Lusaka inayaka. Patangopita masiku ochepa, msilikali wina, Mwamba Luchembe, analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zinatha m'maola ochepa, koma anthu anali atavina kale m'misewu, ndipo a Kaunda, mkulu wa kampango koyera uja, anaziona ndi maso awo. Chaka chisanathe analola zipani zambiri.

Pa 31 October 1991 Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, anapambana ndi chipani cha MMD. A Kaunda anavomera n'kuchoka. Kuno kwathu ku Malawi nthawi imeneyo tinali tidakali ndi pulezidenti wamuyaya, referendamu inadzabwera mu 1993.

Zimene zinawachitikira a Kaunda pambuyo pake sindikuziona kuti zinali zachilungamo. Bambo awo, David Kaunda, anali mphunzitsi wa mishoni wochokera ku Nyasaland, amene anakakhazikika ku Lubwa, ku Chinsali. Mu 1996 malamulo anasinthidwa kuti amene makolo ake sanabadwire mu Zambia asapikisane nawo pa upulezidenti, ndipo mu 1999 khothi la ku Ndola linagamula kuti a Kaunda si nzika ya dziko limene analitsogolera. Chigamulocho chinadzathetsedwa. Zimenezi ndaziika m'ndime yomaliza ya ntchito yanga, ngakhale funso silinafunse.