Mawaya atatu ndi thanki ya ku Thondwe

Ntchito ya sabata ino inali pamunda wina cha ku Thondwe. Thanki ya madzi ili pachitunda, pampu ya sola ili kumunsi, pakati pake pali mamita 80. Mwini munda amafuna kuti madzi akatsika kapena akadzaza, uthenga uzimupeza pafoni. Choncho kuthanki kuli kakompyuta kakang'ono, Arduino Nano, kowerenga sensa ya mlingo wa madzi, m'kanyumba ka pampu muli kakompyuta kena, ESP32, ndi modyulo ya foni, SIM800L, yotumiza SMS. Zitatuzi zimalankhulana pa serial, kutanthauza kutumiza ma bit (1 kapena 0) motsatizana pawaya.

Lolemba tinayala zonse patebulo kushopu ku Chinamwali. Mawaya ake ndi atatu basi: TX (pini yotumizira) ya uyu ipite ku RX (pini yolandirira) ya mnzake, RX ipite ku TX, kenako ma GND (mapini a 0V) alumikizane. Waya wachitatuyu ndi amene ambiri amamuiwala, chonsecho popanda iye wolandira alibe poyezera kuti 1 ndi uti, 0 ndi uti. Titayatsa, pa monitor, pomwe timaonera uthenga pakompyuta, panangodzaza timabokosi. Zilembo zikasokonezeka chonchi, yambani mwaona baud rate, liwiro lotumizira ma bit pa sekondi, musanakhudze pulogalamu: Nano inali pa 9600, monitor pa 115200. Serial ya mtunduwu, yotchedwa UART, ilibe waya wa clock wouza wolandira nthawi yowerengera bit iliyonse. Mbali ziwirizo zimagwirizaniratu liwiro, ndipo wolandira amayamba kuwerenga akangoona start bit, bit yosonyeza kuti byte yayamba. Pa 8N1 (start bit, ma bit 8 a uthenga ndi bit imodzi yotsekera) byte imodzi imatenga ma bit 10, ndiye 9600 imatanthauza ma byte 960 pa sekondi. Potumiza mlingo wa madzi, liwiro limeneli ndi lokwanira ndithu. Ndiponso pa 16 MHz ya Nano, 115200 imaphonya ndi 2 peresenti, pamene 9600 imaphonya pang'ono zedi.

Nano imatulutsa 5V koma mapini a ESP32 ndi a 3.3V. Pa RX ya ESP32 tinaikapo ma resistor awiri, 1k pamzere ndi 2k yopita ku GND, mphamvu n'kutsika kufika pa 3.3V.

Lachiwiri lonse linathera pa SIM800L. Imayaka bwino, kagetsi kake n'kumaphethira kamodzi pa sekondi posaka netiweki, kenako n'kuzima n'kuyambiranso. Mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anati, “Achimwene, imeneyi yabwera yakufa.” Siinali yakufa, inali ndi njala. Modyuloyi imafuna pakati pa 3.4V ndi 4.4V, ndipo ikamalankhula ndi nsanja imakoka mpaka 2A mwakanthawi. Pini ya pabodi singakwanitse zimenezo. Tinaipatsa chotsitsira mphamvu chakechake, LM2596 yotcheredwa pa 4.0V, mawaya aafupi onenepa, ndi capacitor ya 1000 µF pafupi penipeni ndi mapini ake. Kagetsi kanayamba kuphethira kamodzi pa masekondi atatu, kusonyeza kuti yalowa pa netiweki.

Zikatero muziiyesa pamanja poilembera malamulo pa monitor. Lembani AT, iyankhe OK. AT+CSQ ikuuzani mphamvu ya siginolo kuyambira 0 mpaka 31, ndipo 99 ndiye kuti sikumva kanthu. Potumiza SMS lembani AT+CMGF=1, kenako AT+CMGS ndi nambala ya foni. Apa dikirani chizindikiro cha > musanatumize uthenga, ndipo mutseke ndi byte 26, yomwe ndi Ctrl+Z. Mukaiwala 26, imangokhala chete kudikira mawu ena. Modyuloyi ndi ya 2G yokha, ndipo SIM ikhale yopanda PIN, ya mayunitsi.

Lachitatu kumunda, zomwe zinayenda patebulo zinakana. Pampu ikazima manambala amafika, ikangoyaka amasanduka zinyalala. Siginolo ya TTL, yochokera molunjika pamapini a bodi, ndi ya mtunda waufupi, osati mamita 80 a waya woyandikana ndi wa pampu. Tinabwerera mawa lake ndi ma MAX485 awiri, ma modyulo osandutsa siginoloyo kukhala RS-485 yoyenda mtunda wautali, ndi CAT5, chingwe cha mapeyala a mawaya opotana. RS-485 imayeza kusiyana kwa mawaya A ndi B, ndiye phokoso likalowa mofanana m'mawaya awiri opotanawo limafafanizika lokha. A ndi B ayende papeyala imodzi, GND pa ina, ndipo kumapeto konse kuwiri kukhale resistor ya 120 ohm pakati pa A ndi B. Ma modyulo ambiri amabwera nayo kale, yezani musanawonjezere ina. RO ya MAX485, pini yotulutsa uthenga womwe walandiridwa, imatulutsabe 5V, choncho ma resistor aja tinawasamutsira pamenepo.

Panatsala kachilema kamodzi: chilembo chomaliza cha yankho la Nano chimaduka. Serial.print(), lamulo lotumizira mawu, siidikira kuti mawu atuluke, imangowaika mu buffer, malo odikirira, n'kupitirira. Pulogalamu imatsitsa pini ya DE, yomwe imalola MAX485 kutumiza, byte yomaliza isanachoke. Mankhwala ake ndi Serial.flush(), yodikira kuti zonse zituluke, musanatsitse DE. Chinanso, mapini 0 ndi 1 a Nano ndi omwewo a USB, ndiye pokweza pulogalamu yatsopano zulani waya wa RX, apo ayi upload ikana.

Lachisanu m'mawa mlonda anaimba: “Bwana, usiku foni ya abwana inalira kuti madzi atha, koma thanki ndi yodzaza.” Nano inatumiza mlingo wa madzi ngati L=143, ESP32 inawerenga L=1. Serial.available(), yofunsa ngati pafika uthenga, imavomera pakangofika byte imodzi, ndipo pa 9600 byte iliyonse imatenga pafupifupi milisekondi imodzi, nthawi yoti ESP32 yazungulira loop kambirimbiri. Inatola theka la uthenga n'kulikhulupirira. Tinalembanso gawolo kuti lizisonkhanitsa zilembo mu char array ya malo 32 mpaka lione \n, chizindikiro chotsekera mzere, liyeze checksum ya XOR, nambala yotsimikizira kuti uthenga wafika wonse, yomwe Nano imaika kumapeto, ndipo mzere wolakwika liziutaya. Ma delay() onse, omwe amaimitsa pulogalamu, tinawachotsa n'kuikapo millis(), yowerenga nthawi pulogalamu ikuyendabe. SMS tsopano imapita pokhapokha mizere itatu yotsatizana yanena chimodzimodzi.

CAT5 idakali pamtunda. Sabata ya mawa tiilowetsa mupaipi n'kuikwirira, ndipo pa A ndi B tiika ma TVS diode, oteteza ku mphamvu yokwera mwadzidzidzi, mbali zonse ziwiri mvula ya ziphaliwali isanatsike kuchokera kuphiri.