Mwana wa zaka 14 muselo, ife akuti galimoto ilibe mafuta

Sabata ino yandipweteka mtima anzanga. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija, kuphunzitsa international law kalasi yodzadza mpaka ena kuima pakhomo, magetsi kuthima pakati pa lekichala, ma script mulu osachonga.

Lachitatu ophunzira athu a ku kiliniki ya zamalamulo, komwe amathandiza anthu pamilandu yawo, anabwera akuthamanga, akuti kupolisi ina kuli mnyamata muselo limodzi ndi akuluakulu, mlandu wake woba foni pamsika. Maola 48 amene Constitution imanena kuti womangidwa akhale atakaonekera kukhoti anali atadutsa kalekale. Pafayilo analemba kuti ali ndi zaka 18, mayi ake akuti 14, koma satifiketi yakubadwa alibe, chimene anabwera nacho ndi kabuku kakusikelo kong'ambika atakakulunga mujumbo. Ndinapempha galimoto ya pantchito, yankho lake akuti mafuta kulibe komanso memo iyambe yadutsa ku finance. Tinakwera minibasi ndi ndalama zamthumba.

Tinamupeza atakhala pansi pakona, malaya atamulanda anzake amuselomo. Sanafunse za loya ayi, anangoti "abwana, kodi amayi akudziwa kuti ndili kuno?"

Chimene chikundiwawa n'chakuti malamulo alipo ndipo ndimawaphunzitsa tsiku ndi tsiku. Malawi inavomereza pangano la UN la ufulu wa ana mu 1991. Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imaletsa kusunga mwana pamodzi ndi akuluakulu, ndipo pamilandu ing'onoing'ono ngati iyi pali diversion, kutanthauza kuthetsa nkhani ya mwana m'njira zina, sikuti mpaka kuzengedwa mlandu kukhoti. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha Constitution kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma munthu mmodzi akangolemba 18 ndi bolopeni, zonsezo zathera pompo.

Kabuku kaja ndi kamene kanamupulumutsa. Lachisanu m'mawa a majisitireti anamupereka m'manja mwa mayi ake, ndipo ophunzira anga analemba okha mapepala onse, ndinawanyadira kwambiri.

Masana omwewo ndikupeza fomu ya promoshoni patebulo. Pafomupo akufuna mapepala a kafukufuku otuluka mu ma journal akunja basi, ntchito ya kiliniki palibe ndi mzere womwe woilembapo. Nkhaniyi ndikaikweza kumsonkhano wa dipatimenti, pamodzi ndi ya mafutayo, chifukwa ophunzira sangamalipire okha minibasi mlandu uliwonse.