Mfuti ya alamu inagona m'chikwama changa ku Wyoming

Paipi ya madzi inaphulika cha m'ma 4 koloko madzulo, tili pamsewu wafumbi kumpoto kwa Wamsutter, katauni ka ku Wyoming m'dziko la America. Nthunzi inangoti tolotolo kutsogolo, galimoto n'kuzima. Alamu anatsika, anatsegula boneti, anayang'anamo nthawi yaitali ngati munthu amene akudziwa zomwe akuchita, kenako anati: "Alamu, zavuta." Mawu a Chichewa amene mlongo wanga anawaphunzitsa safika makumi awiri, koma awawa anawatchula bwino zedi.

Foni inalibe netiweki. Kulikonse komwe ungayang'ane kunali tchire lalifupi lotuwa, popanda mtengo ngakhale umodzi, ndi mphepo yosaleka ija ya ku Wyoming imene imakulowetsa mchenga m'mano. Patali panaima nyama zonga agwape zimene kuno amati pronghorn, zikutiyang'ana ngati zikuseka.

Tinali titanyamuka ku Denver m'mamawa, kudzera ku Fort Collins ndi Laramie, kenako msewu wa I-80 mpaka kupitirira Rawlins. Za msewuwo palibe choti ndinene, ndi mathiraki okhaokha. Chomwe tinapitira chinali chakuti alamu andiphunzitse kuwomba chandamale. Ine ndinakulira ku Dedza, komwe mfuti ndinkaiona paphewa la wapolisi, kupatula gogodela ya agogo ena a m'mudzi mwathu yomwe tinkangoimvera mbiri. Chida changa chinali legeni. Ndiye nditamva kuti tikunyamula mfuti, ndinkayembekeza chibokosi chachitali chonga cha gitala. Anangotulutsa kachikwama kakuda kobereka kumsana, konga ka mwana wa sukulu.

Mkatimo munali Ruger 10/22 Takedown, ili zidutswa ziwiri. Mtundu wa 10/22 ndi wakale, unayamba mu 1964, koma iyi yoguluka pakati inatuluka mu 2012. Ikalumikizidwa imatalika pafupifupi masentimita 94, kulemera kwake n'kungopitirira makilogalamu awiri pang'ono. Umalowetsa mpope m'chigawo chotsamira paphewa, n'kupotoza pang'ono, imati khethe, basi yatheka. Kabokosi kake kamalowa zipolopolo 10 za .22, zing'onozing'ono ngati kachala ka mwana. Alamu anaigula pa madola opitirira 400, koma zipolopolo n'zotchipa: bokosi la 50 silinafike madola 10.

Tinaimika mapepala ndi zitini patsinde pa chitunda cha dothi. Chitundacho n'chofunika, chifukwa kachipolopolo kameneka ngakhale kakuchepa kamatha kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi ndi theka kakapanda chokaimitsa. Ndinkaopa kuti mfuti indimenya paphewa, koma ayi, imangokugwedeza ngati munthu wokudzutsa mwaulemu. Zisanu zoyamba ndinaphonya zonse. Chachisanu ndi chimodzi chitini chinadumpha, ine ndinakuwa ngati Flames yagoletsa. Alamu sanaseke. Anagwira mpope n'kuubweza kuti uloze kuchitunda, chifukwa m'chisangalalo changa ndinali nditayamba kutembenuka nayo. Manyazi amenewo ndikuwamvabe.

Atandiuza kuti mfuti zotere zili ndi vuto lake ndinamvetsa: ukamangirira galasi loonera patali kuchigawo cha kumbuyo, pomwe mpope umaguluka ndi kubwezeredwa, nthawi zina chipolopolo chimakagwa pambali pang'ono pa pomwe unaloza dzulo. Pali kamphete komangitsira polumikizirapo, koma iwo anangosankha kugwiritsa ntchito tizitsulo toloza nato ta pampope pomwepo. Ine ndinayesa kunamizira vuto limeneli pa kuphonya kwanga. Sizinamveke.

Tsono galimoto itafa, tinagwirizana zoyenda wapansi kulowera kumsewu waukulu. Mfuti sitikanaisiya m'galimoto yopanda mwini pakati pa tchire. Alamu anachotsa zipolopolo, anaona kawiri kuti mulibe chotsalira, anaigulula, n'kuiika m'kachikwama kaja. Iwo ananyamula madzi, chikwamacho chinagwera ine. Apa ndiye ndinaona ubwino wake weniweni: manja onse ali omasuka, msana sukumva kanthu. Chibokosi chachitali ndi mphepo imene ija bwenzi ndikuuluka nacho.

Koma mtima sunakhazikike. Munthu wakuda, dziko la eni, mfuti kumsana yomwe palibe akuiona. Ndinkadzifunsa kuti chabwino n'chiti, chibokosi choti aliyense adziwiretu patali zomwe wanyamula, kapena kachikwama kamene munthu angadzadabwe nako pambuyo? Mpaka pano ndimasinthasintha maganizo.

Titayenda ngati ola limodzi tinaona fumbi. Inali pikapu yakale, woyendetsa ndi bambo wachikulire woweta ng'ombe, chipewa chachikulu, galu pambali. Anaima tisanaimike n'komwe. Tisanakwere, alamu anawauza poyera kuti m'chikwama cha mlamu wangayu muli mfuti, ilibe chipolopolo ndipo ndi yogulula. Ine mtima uli phaphapha. Bambowo anandiyang'ana, anayang'ana chikwama, kenako analoza ndi chala chachikulu kumbuyo kwa mpando wawo komwe kunagona chimfuti chachitali, n'kunena kuti ikani pamenepo zizichezerana.

Sanatipititse kumsewu ayi. Anatembenuza kubwerera nafe kugalimoto yathu. Anatulutsa mpeni, anadula pomwe paipi inang'ambika chifukwa panali kumapeto, anaibwezera n'kumanga, kenako anathira madzi a m'chigubu chomwetsera galu. Ntchito yonse mphindi 20. Kenako anapempha kuti aione mfutiyo. Anailumikiza ndi kuigulula katatu konse akupukusa mutu, n'kutiuza kuti ali mnyamata anali ndi AR-7, ija yomwe zidutswa zake zonse zimalowa m'chigawo chake cha paphewa ndipo imayandama ikagwera m'madzi. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti imeneyo inapangidwa ndi Eugene Stoner cha m'ma 1959, ndipo masiku ano kampani ya Henry ndi imene imaipanga. Ndalama anakana. Anangofunsa kuti Malawi ili pati, ndipo nditati pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique, anafunsa ngati kwathu ng'ombe zimadya chiyani m'chilimwe. Tinakambirana za mapesi a chimanga mpaka dzuwa kupendeka.

Anatichenjezanso chinthu chimene alamu sanachilabadire mokwanira. Malo a m'mbali mwa I-80 kumeneko ali ngati bolodi la drafuti: chigawo china ndi cha boma pansi pa Bureau of Land Management, choyandikana nacho ndi cha munthu, chifukwa cha momwe boma linagawira malo ku kampani ya njanji ya Union Pacific m'zaka za m'ma 1860. Mpanda nthawi zambiri palibe. Pamalo a boma kuwomba chandamale kumaloledwa m'madera ambiri, kupatula pomwe aletsa, makamaka nyengo ya moto wolusa. Koperani mapu m'foni musanachoke m'tauni, ndipo tolani zitini ndi makoko a zipolopolo zanu. Tinapeza pena anthu atasiya mabotolo osweka mbwee, zonyansa.

Abale obwera kudzacheza, tamverani izi: ngati muli pa viza ya mlendo kapena ya sukulu, lamulo la dziko lino silikulolani kugwira mfuti kapena zipolopolo, pokhapokha mutakhala ndi laisensi yosakira nyama kapena chifukwa china chimene lamulolo limatchula. Ine ndili ndi green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika, n'chifukwa chake ndinatha. Musapusitsidwe ndi mnzanu woti "tangoyesa kamodzi". Ndipo kachikwama kokongola kaja pabwalo la ndege n'kopanda ntchito. Kumeneko amafuna bokosi lolimba lokhoma, mfuti yopanda chipolopolo, ndipo uyenera kunena pa kauntala popereka katundu. Ndiye ugule mfuti yaing'ono, ugulenso bokosi. Walira mvula walira matope.

Tinafika ku Rawlins usiku, tikuyenda pang'onopang'ono maso ali pa geji ya kutentha. Chipinda chinatidya madola 95, shawa yake yotulutsa madzi ngati ikuchita kuumira. Polowa, mayi wa pakauntala sanachiyang'ane n'komwe chikwama changa. Alamu anachiika pansi pa bedi, anagona nthawi yomweyo n'kuyamba mkonono. Ine ndinadzuka kawiri kukasuzumira ngati chilipo.