Lipoti la ulendo wa ku Blantyre wokaphunzira za minofu ndi mafuta a m'thupi mwa odwala nyamakazi

Gulu lathu, limene limasonkhanitsa odwala nyamakazi ndi abale owasamalira m'boma la Ntcheu, linatumiza ena mwa mamembala ake ku Blantyre kukacheza ndi gulu longa lathu limene limakumana pa chipatala china mumzindamo. Cholinga chinali kukaona mmene anzathuwo amalondolera mphamvu ndi minofu ya odwala, popeza ife takhala tikudalira sikelo yokha, chonsecho tili ndi mamembala amene kulemera kwawo sikunasinthe kwa zaka koma tsopano akulephera kudzuka pamphasa popanda wowagwira dzanja. Ndalemba lipotili m'malo mwa onse amene tinapita, kuti otsala adziwe zimene tinaona ndi zimene tikupempha komiti kuti iganizirepo.

Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi, kudzera pa Chingeni ndi pa Zalewa. Nthawiyi sinawakomere odwala nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid arthritis, chifukwa nthendayi imaumitsa zala, mawondo ndi akakolo makamaka m'mawa, ndipo kuumako kumatha kupitirira ola lathunthu. Kukhala mothithikana kunawonjezera vutolo, moti tinapempha adalaivala kuti aime pa Zalewa anthu awongole miyendo. Odzakonza ulendo wina adzanyamule anthu dzuwa litakwera.

Titafika, anatilandira atsogoleri a gululo pamodzi ndi mayi wina wa mafizo amene amawathandiza. Mayiwo anayamba ndi kutikumbutsa kuti chimene sikelo imaonetsa ndi mafupa, minofu, mafuta ndi madzi zitaphatikizana, ndipo siingathe kunena kuti chachepa n'chiti, chachuluka n'chiti. Ngakhale muyeso wa BMI, umene amaupeza pogawa makilogalamu a munthu ndi kutalika kwake m'mamita atakuchulukitsa ndi kutalika komweko, uli ndi vuto lomwelo: munthu amene ali pakati pa 18.5 ndi 25 amauzidwa kuti thupi lake lili bwino, pamene mwina minofu ya m'ntchafu yatha ndipo malo ake alowa mafuta.

Apa anafotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chake zimenezi zimachitika kwambiri mwa odwala rheumatoid arthritis. Pa nthendayi chitetezo cha m'thupi chimaukira molumikizana mafupa a mwini wake, ndipo pa nkhondoyo thupi limatulutsa zinthu zotupitsa monga TNF-alpha ndi IL-6, zimene sizikhala pamalo otupawo pokha koma zimayenda m'magazi n'kuchititsa kuti minofu iziphwanyika mofulumira kuposa mmene ikumangidwira. Nthawi yomweyo ululu umamukhazika munthu pansi, ndiye mafuta amawonjezeka, makamaka pamimba. Minofu ikachoka, mafuta n'kubwera molingana, sikelo imaima pamodzimodzi. Madokotala amautcha mkhalidwewu rheumatoid cachexia, ndipo kuopsa kwake n'koti suoneka. Wodwala TB kapena amene Edzi yamufooketsa amawonda moti aliyense pamudzi amaona, koma uyu amaoneka wathupi, ndipo akadandaula kutopa ena amamuyesa waulesi. Ofufuza a ku Britain m'chaka cha 2007 anafika polangiza kuti kwa odwala nthendayi malire a BMI atsitsidwe, kuti kulemera mopitirira kuziyambira pa 23 m'malo mwa 25, ndipo kunenepa kwambiri pa 28 m'malo mwa 30, chifukwa pa kulemera kofanana iwo amakhala ndi mafuta ambiri kuposa anthu ena. Nkhaniyi si ya maonekedwe chabe, pakuti kuchepa kwa minofu kumachititsa munthu kugwaigwa, ndipo nthendayi payokha imawonjezera kale chiopsezo cha matenda a mtima.

Mamembala athu ambiri, makamaka achikulire, nthenda yawo ndi osteoarthritis, imene imabwera chifukwa cha kuperepeseka kwa chichereŵechereŵe cha molumikizana mafupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti m'chaka cha 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi osteoarthritis, pamene a rheumatoid arthritis anali 18 miliyoni, ndipo mwa a rheumatoid arthritis amenewa pafupifupi 70 pa 100 alionse anali akazi. Kwa a osteoarthritis ya m'mawondo nkhani yaikulu ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imagwira bondo kuti lisagwedere. Bondo likatupa kapena kupweteka, thupi lokha limaletsa minofuyi kukungika mokwanira, ndipo pakapita masabata ntchafu yakumbali yodwalayo imayamba kuchepa. Mayiwo anayeza ntchafu zonse ziwiri za bambo wina wa m'gulu lathu, ndipo kusiyana kwake kunaoneka ndi maso ngakhale tepi isanawerengedwe. Anawonjezera kuti poyenda, kilogalamu iliyonse imene munthu wonenepa wataya imachepetsa katundu wa pabondo ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa phazi lililonse limene waponda, koma kuwondako kusakhale kodzimana chakudya kokha popanda kulimbitsa minofu, chifukwa kumeneko kumadyanso minofu yomwe ikufunikayo.

Pamene tinakhalitsa kwambiri ndi pa mankhwala a prednisolone. Ambiri a ife timawadziwa chifukwa amachotsa ululu ndi kutupa mofulumira, ndipo si chinsinsi kuti ena amawagula okha popanda kulemberedwa ndi dokotala n'kumamwa miyezi yambiri. Mayi wina wa gulu la ku Blantyre anafotokoza kuti atamwa mankhwalawa kwa nthawi yaitali nkhope yawo inadzaza, anzawo kutchalitchi n'kumawauza kuti, "Mayi, mwachiratu, onani mwanenepa," pamene iwo ankalephera kukwera masitepe kapena kukweza manja kuti amange duku. Umu ndi mmene mankhwalawa amachitira akamwedwa nthawi yaitali: amafooketsa minofu ya m'chiuno, m'ntchafu ndi m'mapewa, amaunjika mafuta kumaso ndi pamimba, amapepusa mafupa, ndipo amatha kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Komabe tinachenjezedwa mwamphamvu kuti amene wawamwa kwa masabata ambiri asawasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga mahomoni ake ofanana nawo, ndipo kusiya kotero kungathe kumudwalitsa mwakayakaya. Kuchepetsa mlingo ndi ntchito ya dokotala. Mankhwala amene amalimbana ndi gwero la rheumatoid arthritis ndi ena, monga methotrexate, amene amamwedwa kamodzi kokha pa sabata, motsatana ndi vitamini wa folic acid, ndipo saloledwa kwa mayi woyembekezera. Chimene ambiri sitinkadziwa n'choti ngakhale mankhwalawa atazimitsa kutupa konse, minofu imene inatha sibwerera yokha.

Madzulo ake tinaona kayezedwe. Makina amene amasiyanitsa bwino minofu, mafuta ndi mafupa ndi a DXA, ndipo palinso ena a BIA amene amadutsitsa kamagetsi kochepa m'thupi, koma anzathuwo sadalira makina amenewa. Zida zawo ndi mpando wopanda moyedzamiritsa manja, wotchi ya pafoni, tepi yoyezera ngati ya telala, ndi kachida kofinya ndi dzanja kotchedwa dynamometer. Malire amene amatsata ndi amene akatswiri a ku Ulaya anagwirizana m'chaka cha 2018 pofuna kuzindikira sarcopenia, ndiko kuchepa kwa minofu ndi mphamvu zake. Mphamvu yofinya ikatsika kuposa makilogalamu 27 kwa mwamuna kapena 16 kwa mkazi, imatengedwa kuti ndi yochepa. Munthu akapinda manja pachifuwa n'kudzuka ndi kukhala pampando kasanu, sayenera kupitirira masekondi 15. Akayenda mamita anayi monga mwa masiku onse, kutenga masekondi asanu kapena kuposerapo ndi chizindikiro choti thupi lafooka ndithu. Katumba wa mwendo akachepera masentimita 31 mwa munthu wachikulire, pamafunikanso kukhala tcheru, ngakhale kuti miyendo yotupa madzi imanamiza tepi.

Tonse tinayezedwa, odwala ndi owasamalira omwe, ndipo panali kuseka kwambiri pamene ena odzitama ndi mphamvu anapezeka akuwefuka pampando. Koma maganizo anga ndi akuti manambalawa tiwagwire mosamala. Anachokera ku Ulaya ndipo anakonzedwera okalamba, osati alimi a kuno amene matupi ndi ntchito zawo n'zosiyana. Ndiponso dzanja limene zala zake zapindika kapena zikupweteka silingafinye mwamphamvu ngakhale mkono uli ndi minofu, choncho kwa odwala rheumatoid arthritis muyeso wa mpando ndiwo ukuoneka wothandiza kuposa wofinya, kupatula pamene mawondo atupa. Phindu lenileni ndi kuyerekeza munthu ndi iye mwini: zimene anachita lero ndi zimene adzachite pakatha miyezi itatu. Anzathuwo amalemba zotsatirazi m'buku la kuchipatala la wodwala aliyense, moti dokotala akalitsegula amaona ngati munthu akukwera kapena akutsika, ndipo ichi ndi chinthu chimene tingayambe popanda ndalama.

Pa nkhani ya masewera olimbitsa thupi panabuka mtsutso. Agogo ena a m'gulu lathu anafunsa kuti, "Mwana wanga, ine ndimalima, kutunga madzi ndi kutola nkhuni, ndiye masewera enawo ndi a chiyani?" Mayi wa mafizo anayankha mwaulemu kuti ntchito zimenezo n'zabwino ndipo agogowo asazisiye, koma munthu womva ululu amaphunzira kuzigwira mozemba, monga kudzuka mokankha ndi manja kapena kutsamiritsa thupi pa mwendo wabwino, moti minofu yofookayo imapitirira kufooka ngakhale mwini wake akugwira ntchito tsiku lonse. Minofu imakula ikapatsidwa katundu woposa amene inazolowera, ndipo katunduyo aziwonjezedwa pang'onopang'ono. Malangizo a WHO a chaka cha 2020 amati munthu wamkulu azichita zinthu zotulutsa thukuta pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo odwala matenda okhalitsa sanapatulidwe. Kafukufuku amene anachitika ku Bangor m'dziko la Wales, amene anasindikizidwa mu 2009, anaonetsa kuti odwala rheumatoid arthritis amene ananyamula zolemera kawiri pa sabata kwa masabata 24 anawonjezera minofu ndi mphamvu popanda nthenda yawo kukula. Izi zikutsutsa zimene ambiri takhala tikuuzana, zoti wodwala nyamakazi azingopuma kuopa kuwononga mafupa.

Zida zimene anatisonyeza ndi zopezeka pakhomo paliponse: mabotolo odzaza mchenga olimbitsira mikono, malegeni a chubu cha njinga okokera ndi manja kapena miyendo, mpando womwe uja, ndi chiunda cha pakhonde chokwerapo ndi kutsika. Anatiphunzitsanso zochita masiku amene nthenda yayaka. Pamene bondo kapena dzanja latupa ndi kutentha, munthu asalinyamulitse zolemera, koma alipinde ndi kuliwongola mofatsa, ndiponso akhoza kukunga minofu ya ntchafu atakhala pansi mwendo uli chiwongokere. Ululu ukapitirira maola awiri chithereni masewera, ndiye kuti katundu anachuluka ndipo ulendo wotsatira achepetse. Koma malo amodzi akatupa mwadzidzidzi, kufiira ndi kutentha, thupi lonse n'kutenthanso, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina mwalowa tizilombo.

Za zakudya tinakambirana mwachidule pa nthawi ya nkhomaliro. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya tonse timawadziwa, koma mbale zathu zambiri zimakhala nsima ndi masamba, pamene minofu imamangidwa ndi za m'gulu la nyemba ndi la nyama. Akatswiri amalangiza kuti munthu wachikulire azidya galamu imodzi mpaka 1.2 ya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kutanthauza magalamu 60 mpaka 72 pa tsiku kwa munthu wa makilogalamu 60, chonsecho dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi sikisi okha. Choncho pamafunika kuphatikiza nyemba, nandolo, nzama, soya, nsinjiro, usipa ndi matemba, ndi kuzigawa pa zakudya zonse za tsiku, kuyambira phala la m'mawa. Odwala nyamakazi ya mtundu wa gout anauzidwa kuti achepetse zam'kati mwa nyama, nsomba zing'onozing'ono ndi mowa, ndipo amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa dokotala asanawonjezere zomanga thupi. Kupatula amenewa, palibe chifukwa choti wodwala nyamakazi azisala mazira kapena nyemba monga ena amalangizidwira kumudzi.

Si zonse zimene tinaona zimene tingatengere momwe zilili. Anzathuwo ali mumzinda momwe muli sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences, imene imaphunzitsa za mafizo, ndipo akatswiri ali nawo pafupi, pamene mamembala athu ena amayenda mtunda wautali kuti afike pamsonkhano, ndipo nyengo ya dzinja ambiri amakhala kumunda. Pachifukwa ichi tikupempha komiti kuti igule tepi ziwiri ndi mpando umodzi wolimba umene uzigwiritsidwa ntchito pa kuyeza kokha, pakuti mpando ukasintha msinkhu zotsatira zake sizingayerekezedwe. Tikupemphanso kuti kuyezaku kuzichitika miyezi itatu iliyonse, kuti theka la ola la msonkhano uliwonse likhale la masewera, ndiponso kuti aliyense amene akumwa prednisolone popanda kulemberedwa aperekezedwe kukaonana ndi dokotala. Mayi wa mafizo uja anavomera kuphunzitsa mamembala athu awiri kayezedwe koyenera pa ulendo wobwereza, umene tagwirizana kuti udzachitikire kuno ku Ntcheu anthu akatha kukolola, ndipo komiti iyenera kusankha awiriwo pa msonkhano ukubwerawu.