Katundu wakale: wina amasunga mtengo, wina amangotha

Musanasangalale kuti mwagulitsa chinthu pamtengo womwe mudachigulira, kumbukirani kuti kwacha imanyenga. Mu Meyi 2022 idagwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Amene adagula galimoto mu 2021 n'kuigulitsa mtengo womwewo mu 2024 adaluza, kungoti manambala adamubisira. Funsani kaye mtengo wa chatsopano chofanana nacho lero, kenako muone ngati chanucho anthu akuchifuna pa theka la mtengowo kapena kucheperapo.

Mukayeza motero mupeza kuti katundu amasunga mtengo ngati masipeya ake akupezeka pafupi, komanso ngati wogula angathe kuona yekha pamene patha.

Toyota imagulitsika msanga pachifukwa choyambacho. Ma Probox, ma Sienta akale ndi ma Corolla ambiri ali ndi injini imodzimodzi, 1NZ ya malita 1.5. Makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi amaiphwasula ndi kuimanga osafunsa munthu, ndipo sipeya mumaipeza tsiku lomwelo. Benz kapena BMW yakale ndi yokoma kukwera, palibe angatsutse, koma kasensa kamodzi kakafa muitanitsa ku South Africa galimoto ili pamiyala, ndipo wogula amachotseratu vuto limenelo pamtengo. Galimoto za giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki, zimafuna oilo wakewake. Zikathiridwa oilo wa otomatiki wamba zimayamba kunjenjemera ponyamuka, ndipo wogula wodziwa akangomva kunjenjemerako amatsitsa mtengo kapena kungochoka. Mapepala nawo ndi ndalama: nambala ya chesisi ifanane ndi ya pa bulu buku, ndipo msonkho wa MRA ukhale kuti udalipidwa.

Chilichonse chodalira batire chimagwa mtengo msanga, chifukwa batire imathera m'kati kunja kukuwala. Foni ya iPhone imagwirako mtengo kuposa Tecno ndi Itel, mwa zina chifukwa imalandira mapulogalamu atsopano kwa zaka zambiri, komanso imaulula yokha za batire yake pa Battery Health, malo a m'fonimo oonetsa thanzi la batire. Ikatsika kufika pansi pa 80 peresenti, chotsani mtengo wa batire ina. Imbani *#06# muone ngati nambala yakeyake ya foniyo, yotchedwa IMEI, ikufanana ndi ya pa katoni, ndipo mwiniwake atuluke mu iCloud, akaunti yake ya Apple, inu mukuona. Foni yokhomedwa ndi iCloud ndi ya masipeya basi, ngakhale ikhale yopanda ndi kachipsera komwe.

Batire ya sola, ija ya asidi, ndiye yoopsa kugula yakale. Yodzadza bwino ya 12V imaonetsa pafupifupi 12.6 kapena 12.7 pa mita. Koma yotha nayonso imaonetsa nambala yabwino ikangochoka pa chaja. Isiyeni ipume maola angapo, mulumikize babu kapena wailesi yakanema, muone ngati mphamvu sikutsika mothamanga. Imene inkaphweredwa mpaka kuzimiratu usiku uliwonse mapuleti ake amakhala atakutidwa kale ndi zinthu zoyera ngati mchere, sidzasunganso moto. Panelo ya sola njosiyana: galasi likakhala losasweka komanso kabokosi ka mawaya kumbuyo kosapsa, imatumikira zaka zoposa 20, ndipo mtengo wake sugwa kwambiri.

Mfumu ya zonse, kwa ine, ndi makina osokera opalasa ndi phazi, Singer kapena Butterfly. Nchitsulo chokhachokha, safuna magetsi, ndipo zimene zimatha ndi lamba, shatulo ndi bobini, zotsika mtengo zonse. Telala amaika kansalu, n'kupalasa kamphindi, msoko womwewo wamuuza zonse. Njinga yakapalasa ya felemu yosawotcherera ilinso m'gulu lomweli.

Malata akale amagulika, makamaka a geji 28 omwe ndi okhuthala kuposa a geji 32, koma mabowo a misomali ndi dzimbiri la m'mphepete zimawadula mtengo. Pozula denga gwiritsani ntchito kathabwa pansi pa hamala kuti musaphwanye mizere. Tebulo la mbawa kapena mlombwa mungolipala ndi sanipepa, kupaka vanishi, labwerera mwakale. Kabati ya matabwa a utuchi aja ikangonyowa pansi imatupa n'kufumbutuka, ndipo mukaisamutsa kawiri masikuluwu sagwiranso. Matiresi ndi sofa anthu amaziopa chifukwa cha nsikidzi. Wogula amatembenuza n'kuyang'ana m'misoko, akaona timadontho takuda sakambanso za mtengo.