Peyala ndi sinamoni ndi pachibale

Anzanga, lero ndafikisa tsamba la peyala m'manja n'kulinunkhiza, ndipo chidwi chandigwira. Kodi mumadziwa kuti peyala, sinamoni ndi kamfa ndi a banja limodzi? Akatswiri a zomera amalitcha Lauraceae, ndipo lili ndi mitundu yoposa 2,000, yambiri yomera kumadera otentha a ku Asia ndi South America.

Mitengo imeneyi imasunga mafuta onunkhira m'masamba ndi m'makungwa. Sinamoni weniweni ndi khungwa lamkati la mtengo wochokera ku Sri Lanka. Amalisenda n'kuliyanika mpaka lipindike lokha. Masamba a laurel, mtengo winanso wa m'banja lomweli, omwe amakometsera msuzi, ndi aja Agiriki akale ankalukira nkhata zoveka opambana pa masewera a ku Delphi.

Koma chimene chandisangalatsa koposa ndi duwa la peyala. Kaduwa kakang'ono, kosaoneka bwino n'komwe, koma kamatseguka kawiri! Poyamba kamakhala kakakazi, kenako kamatseka, mawa lake n'kutsegukanso kali kakamuna. N'chifukwa chake alimi amabzala moyandikana mitundu iwiri ya peyala, yoti maluwa a wina akakhala aakazi a winawo amakhala aamuna, kuti njuchi zizinyamula mungu kuchoka pamtengo uwu kupita pauwo, zipatso zichuluke.